Mwana wanga akuti kwa phungu amangosewera: ndipitirize kupita naye?

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6. Bambo ake anamwalira pa ngozi ya galimoto chaka chatha. Kuyambira pamenepo wayambiranso kukodza pogona, akumenya anzake kusukulu, akukana kugona yekha, ndipo m'mawa amadandaula m'mimba ngakhale kuchipatala sanamupeze ndi matenda. Za bambo ake satchula n'komwe, ndipo ndikamufunsa chimene chikumuvuta amangoti "palibe". Ndinayamba kupita naye kwa phungu wa ana ndipo tapitako maulendo 5. Ine ndimadikira panja, iye akatuluka amati amangosewera ndi zidole ndi mchenga. Panopa akuoneka ngati waonjeza kuvuta, makamaka tsiku limene tapitako, ndipo kunyumba amangogundanitsa timagalimoto. Achibale akuti ndikutaya nthawi, mwana adzaiwala yekha. Ndipitirize kapena ndileke?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya amuna anu. Inu nomwe muli pachisoni, komanso ndinu amene mukudzuka usiku kusintha zofunda za mwana. Pomutengera kwa phungu m'nyengo yotereyi mwachita chinthu chachikulu.

Pitirizani. Maulendo 5 ndi chiyambi chabe. Ana ambiri maulendo oyambirira amakhala akungoyesa chipindacho ndi munthuyo kuti aone ngati ndi wodalirika, ndipo chithandizo chamtunduwu cha kudzera m'masewera, chimene akatswiri amachitcha play therapy, kawirikawiri chimatenga maulendo 12 mpaka 20, nthawi zina kuposa apo. Koma sindikunena kuti muzingokhala panja osadziwa kanthu. Pali zimene phunguyo akuyenera kukufotokozerani, ndipo palinso gawo lanu, limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa lake.

Mwana wanu akati "palibe" sakunama, ndipo si mwano. Kuti ayankhe funso lanulo, akufunika azindikire chimene chikuchitika mumtima mwake, achipezere dzina, achilumikize ndi zimene akuchita, kenako anene kuti, "Ndikumenya anzanga chifukwa ndikuopa kuti amayi nawonso afa ine ndili kusukulu." Ngakhale ife akuluakulu zimenezi zimatikanika. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anafufuza mmene nzeru za ana zimakulira, anaonetsa kuti kuganiza bwinobwino za zinthu zosaoneka ndi maso kumayamba mwana akamafika zaka 11 kapena 12. Asanafike pamenepo, chimene chasowa mawu chimatulukira kwina: m'mimba, pogona, m'zibakera.

Komanso zaka 5 mpaka 7 ndi msinkhu umene mwana amayamba kumvetsa kuti womwalira sabwereranso ndiponso kuti imfa ingagwere aliyense. Pa msinkhu womwewo ana amakhulupirirabe kuti zimene aganiza kapena kuchita zili ndi mphamvu yochititsa zinthu. Mwana amene anakwiyira bambo ake ngozi itatsala pang'ono kuchitika angathe kusunga mumtima kuti ndiye anaichititsa, osauza munthu. Ndipo ngati anaona kuti akatchula bambo ake inu misozi imalengeza, amasankha kukhala chete kuti akutetezeni.

Achibale anu sakulakwitsa zonse. Ana ambiri oferedwa amakhalanso bwino popanda phungu, malinga pali wamkulu wowasamalira mwachikondi ndipo moyo wa tsiku ndi tsiku wabwerera m'malo mwake. Koma kumeneko si kuiwala. Mwana amalira modukizadukiza, pano akuseka, posachedwa wakhumata, ndiye akuluakulu timanyengeka ndi kusekako. Pamene miyezi yambiri yadutsa vuto lili m'tulo, m'thupi ndi kusukulu komwe, kudikira kuti lithe lokha n'kumusiya mwana avutike yekha.

Tsono m'chipinda mmene simulowamo mumachitika zotani? Zidole za mmenemo sizitoleredwa mwachisawawa. Mumakhala za moyo wa tsiku ndi tsiku monga kanyumba, tianthu ta banja, foni, zida za dokotala, ambulansi ndi galimoto ya polisi. Mumakhala zotulutsira mkwiyo monga asilikali, zilombo zolusa ndi chinthu choti mwana amenye. Mumakhalanso mchenga, madzi, dongo ndi penti, zimene mwana angaumbe, kuphwasula n'kuumbanso. Zoseweretsa za mabatire ndi magemu a pafoni sizifunika chifukwa zimasewera zokha, mwana n'kungokhala woonerera. Nthawi yake imakhala mphindi 30 mpaka 50, tsiku lomwelo la sabata, ola lomwelo, chipinda chomwecho, zidole zili pamalo pomwe anazisiya. Kwa mwana amene bambo ake anatuluka pakhomo osabwereranso, kupeza zinthu zili momwemo sabata ndi sabata n'kofunika zedi.

Njirayi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1920 Hermine Hug-Hellmuth, Anna Freud ndi Melanie Klein anali atayamba kale kugwiritsa ntchito masewera pothandiza ana, ndipo mu 1929 Margaret Lowenfeld ku London anayambitsa bokosi la mchenga ndi tizidole ting'onoting'ono, longa limene mwana wanu akusewera nalo. Koma aphungu ambiri a masiku ano amatsatira Virginia Axline wa ku America, amene mu 1947 analongosola mfundo 8 za ntchitoyi pogwiritsa ntchito maganizo a Carl Rogers, katswiri wa za uphungu wa komweko. Mutu wa mfundozo ndi wakuti mwana ndiye amatsogolera, wamkulu amatsatira, amamulandira monga alili, ndipo samuthamangitsa.

Zimaoneka ngati phunguyo sakuchita kanthu, koma ndi ntchito yovuta. Tiyerekeze kuti mwana watenga kachidole ka mnyamata n'kukabisa kuseri kwa kanyumba, chilombo chikuzungulira panja. Ambirife tingathamangire kufunsa kuti "Wabisalira chiyani?" kapena kutonthoza kuti "Usaope, chilombocho sichiluma." Phungu wophunzira amangonena chimene akuona: "Kamnyamatako kabisala. Kakuchita mantha kwambiri, ndipo palibe amene ali nako pafupi." Mwana amamva mantha ake akutchulidwa ndi munthu amene sakunjenjemera nawo, sakuwatsutsa ndiponso sakumuuza kuti alimbe mtima. Ndipo popeza wamantha ndi kachidoleko, iye angathe kuyandikira chinthu chowawacho mpaka pamene angapirire, n'kubwerera m'mbuyo chikamukulira. Pa ngozi yeniyeni ija analibe mphamvu iliyonse, sanafunsidwe, mwina sanatsanzike n'komwe. Pamchenga paja iye ndiye amalamula nthawi imene magalimoto agundane, ngati ambulansi ifike, ndi amene apulumuke. Kubwereza nkhaniyo ali ndi mphamvu m'manja mwake, pamaso pa wamkulu wodekha, ndi kumene kumachepetsa mantha pang'onopang'ono.

Musaganize kuti mmenemo mwana amaloledwa chilichonse. Zimene akumva mumtima zimalandiridwa zonse, koma zochita zili ndi malire. Garry Landreth wa ku University of North Texas anaphunzitsa njira ya masitepe atatu yoikira malirewo: kutchula chimene mwana akumva, kunena malire, n'kumuonetsa pena potulutsira. Mwana akatukula dzanja, phungu amati, "Wakwiya kwambiri ndipo ukufuna kundimenya. Koma ine si womenyedwa. Ungathe kumenya pilo uyu." Palibe kukalipa, palibe kuopseza. Mwana womenya anzake akamva zimenezi kambirimbiri amaphunzira kuti kukwiya si tchimo, ndiponso kuti pakati pa kukwiya ndi kumenya pali mpata woti asankhe. Mawu amenewa mungayambe kuwagwiritsa ntchito kunyumba lero lomwe.

Za timagalimoto tija ndikufuna tichedwepo, chifukwa pali kusewera kwa mitundu iwiri kumene kumafanana poyang'ana. Mu 1976, m'tauni ya Chowchilla ku California, achifwamba anaba basi ya sukulu mmene munali ana 26, n'kuwatsekera pamodzi ndi dalaivala wawo m'ngolo ya galimoto yokwiriridwa pansi. Onse anapulumuka. Lenore Terr, dokotala wa matenda a maganizo a ana, anawatsatira anawa kwa zaka zingapo, ndipo anaona kuti ena ankasewera sewero limodzimodzi mobwerezabwereza, mopanda chimwemwe, ndipo silinkawapepukitsa mtima. Ndiye yang'anirani mwakachetechete. Ngati nkhani ya magalimotoyo ikusintha, lero kwabwera ambulansi, mawa dokotala, mkuja wina akukonza galimoto kapena akuika maliro, ndipo akamaliza mwanayo akuoneka womasuka, dziwani kuti seweroli likugwira ntchito yake. Koma ngati ndi chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, nkhope ili gwa, palibe wothandiza amene akufika, ndipo akamaliza amakhala wokwiya kapena wamantha kuposa poyamba, seweroli laima malo amodzi, ndipo phungu akuyenera kulidziwa kuti alowererepo. Mulimonsemo musamulande timagalimototo. Musamufunsenso kuti "Imeneyi ndi galimoto ya bambo ako eti?" chifukwa funso lotero limamutulutsa m'malo amene amabisalamo, ndipo ana ambiri amasiyira pomwepo. Khalani naye pansi n'kunena kuti, "Agundana mwamphamvu zedi." Akafuna kupitiriza apitiriza.

Kuonjeza kuvuta kumene mukukuonaku kumachitika kwa ana ambiri m'masabata oyambirira. Chilonda chikamatsukidwa chimawawa kuposa pamene chinali chophimbidwa. Zimene anazipondereza kwa miyezi yambiri zayamba kutuluka, ndipo amazitulutsira kwa inu chifukwa ndinu munthu amene akudziwa kuti simungamutaye. Tsiku la kwa phungu musamuchulukitsire zochita, agone msanga. Komabe ngati patapitanso mwezi zinthu zikungoipiraipira, kapena mwanayo akuchita mantha enieni ndi phunguyo, osati kungonyinyirika, musakhale chete.

Kodi umboni ulipo woti njirayi imathandiza? Ulipo, koma ndikuuzeni mosakokomeza. Mu 2005 Sue Bratton ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 93 ndipo anapeza kuti ana amene analandira chithandizochi anasintha kwambiri poyerekeza ndi amene sanalandire. Mu 2015 Yung-Wei Lin ndi Bratton yemweyo anaunikanso kafukufuku 52 wa njira imene mwana amatsogolera, ndipo phindu limene anapeza linali lapakatikati. Kafukufuku wambiri mwa ameneyu anachitika pa ana ochepa, choncho sitinganene kuti ndi mankhwala a vuto lililonse. Kwa ana amene anakumana ndi zoopsa, kuphatikizapo imfa yadzidzidzi ya kholo, njira imene ili ndi umboni wamphamvu kwambiri ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo wotchedwa TF-CBT, njira imene anaikonza Judith Cohen, Anthony Mannarino ndi Esther Deblinger, ndipo imathandiza ana a zaka 3 mpaka 18. Nayonso imagwiritsa ntchito zidole ndi kujambula kwa ana aang'ono, koma phungu ndiye amatsogolera: amaphunzitsa mwana kudzikhazika mtima pansi, kenako amamuthandiza kufotokoza nkhani ya zimene zinachitika pang'onopang'ono, kholo likutenga nawo mbali. Maganizo anga ndi akuti mukafika maulendo 12 popanda kusintha kulikonse, kapena ngati mwanayo akulota zoopsa za ngoziyo, akuopa kukwera galimoto kapena akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, mufunse za njira imeneyi. Phungu wabwino sakhumudwa ndi funso lotero.

Kudikira panja si kolakwika, chifukwa mwana amene akuteteza mayi ake sangatulutse chisoni chake mayiyo ali pomwepo. Cholakwika n'chakuti papite maulendo ambiri phungu osakhala nanu pansi. Mupempheni nthawi yoti mukambirane awiri, mwana palibe, ndipo zizichitika pakapita maulendo anayi kapena asanu alionse. Mufunseni maphunziro amene anachita pa ntchito yothandiza ana, ngati ali ndi katswiri wina womuunikira ntchito yake, chimene akufuna kuti chisinthe mwa mwana wanu, ndi mmene nonse mudzadziwire kuti chasintha. Ambiri amagwiritsa ntchito fomu ya mafunso 25 okhudza khalidwe la mwana ndi mmene akumvera mumtima yotchedwa SDQ, imene anaikonza Robert Goodman, yoti kholo ndi mphunzitsi adzaze poyamba ndi pakapita miyezi. Sadzakuuzani mawu onse amene mwana wanena, pakuti mwanayo akufunika malo akeake, koma akuyenera kukuuzani mitu imene ikubwerabwera m'masewera ake, monga kutayika, kupulumutsa kapena kudziimba mlandu, komanso kukudziwitsani msanga ngati pali choopsa. Chenjerani ndi munthu amene amatanthauzira chithunzi chimodzi cha mwana n'kugamula nkhani yaikulu, amene amalonjeza kuti zonse zitha m'maulendo awiri, kapena amene safuna kufotokoza zimene akuchita.

Ngati pa chifukwa china mungaganize zosiya, chonde musasiye mwadzidzidzi. Mwana ameneyu munthu wina wamusowa kale popanda kutsanzika. Adziwitsidwe kuti kwatsala maulendo atatu, awiri, amodzi, ndipo atsanzikane bwinobwino.

Akatuluka m'chipindamo musamupanikize ndi mafunso. Kungoti "Wabwera, tiye tizipita" n'kokwanira. Musamuuze kuti akakhale mwana wabwino kumeneko, ndipo ulendowo usakhale chilango kapena mphoto. Muvekeni zovala zoti zingade.

Tsopano gawo lanu. Chimodzi mwa zimene kafukufuku wa 2005 uja anapeza n'chakuti phindu linali lalikulu koposa pamene makolo anaphunzitsidwa kuchita masewerawa ndi ana awo. Bernard ndi Louise Guerney anayambitsa zimenezi m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake Landreth anazikonza kukhala maphunziro a masabata 10, kholo likusewera ndi mwana mphindi 30 kamodzi pa sabata. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: phungu ali ndi mwana wanu kosakwana ola limodzi pa sabata, pamene inu ndinu munthu amene mwanayo amafuna kuti amumvetse kuposa wina aliyense.

Pezani katoni, muikemo tianthu, tinyama, timagalimoto, mapepala, makrayoni ndi dongo. Siziyenera kukhala zogula, ngakhale zopanga nokha zimagwira ntchito. Katoniyo izituluka pa nthawi yapaderayi pokha. Sankhani tsiku ndi ola, zimitsani foni, khalani pansi pofanana naye, ndipo muuzeni kuti, "Ino ndi nthawi yathu, ungasewere ndi izi m'njira zambiri zimene ukufuna." Kenako mutsatireni. Osafunsa mafunso, osamuphunzitsa kuwerenga kapena mayina a mitundu, osamukonza akati ng'ombe ikuuluka. Nenani chimene mukuona ndi chimene mukuganiza kuti akumva. Akakufunsani kuti "Ichi n'chiyani?" yankhani kuti "Chingakhale chimene iwe ukufuna." Akakupatsani mbali yoti musewere, munong'onezeni kuti "Ndinene chiyani?" kuti nkhaniyo ikhalebe yake. Akakuonetsani chimene wamanga, m'malo mongoti n'chokongola, nenani kuti "Wachimanga wekha, chinagwa koma sunasiye." Kukatsala mphindi 5 muchenjezeni, ndipo nthawi ikakwana malizani ngakhale alire, mukumukumbutsa tsiku lotsatira. Nthawi imeneyi musamulande ngakhale sabata imene wavuta kwambiri, pakuti ndi pamene akuifuna koposa. Ngati mphindi 30 zikukulemerani, yambani ndi 10, ndipo mupempheni phunguyo akuonetseni kachitidwe kake.

Zingachitike kuti tsiku lina akwirire kachidole ka bambo, inu misozi n'kutsika. Musathawe ndipo musabise. Muuzeni kuti, "Ndikulira chifukwa ndawasowa bambo ako. Si iwe wandiliritsa, ndipo ngakhale ndikulira ndikusamalirabe." Akamva zimenezo amadziwa kuti dzina la bambo ake n'lololedwa m'nyumbamo. Kunja kwa nthawi yosewera, muziwatchula bambowo m'nkhani wamba, muzimuonetsa zithunzi, ndipo mumupatse kanthu kawo koti asunge. Ngati anauzidwa kuti bambo ake anagona kapena anapita ulendo, konzani zimenezo mofatsa, chifukwa mwana wa zaka 6 amatenga mawu monga momwe alili, ndipo mwina n'chifukwa china chimene akuopera tulo. Muuzeni kuti anamwalira, thupi lawo linasiya kugwira ntchito, sakumva kuwawa, ndipo sabweranso. Muuzeninso, ngakhale sanafunse, kuti palibe chimene iye anaganiza, kunena kapena kuchita chimene chinachititsa ngoziyo. Zimenezi mudzazibwereza kangapo. Inunso pezani munthu wolankhula naye za chisoni chanu, chifukwa mmene kholo lotsala likupirira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakhudza kwambiri kuchira kwa mwana woferedwa.

Pa za kukodza pogona, musamukalipire kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa ena, sakuchitira dala. Ngati kuchipatala sanamuyeze mkodzo, bwererani akamuyeze, chifukwa mwana amene anasiya kenako n'kuyambiranso nthawi zina amakhala ndi matenda a m'njira ya mkodzo, kudzimbidwa kapena shuga, makamaka ngati akumwa madzi kwambiri ndi kuonda. Aphunzitsi ake adziwe zimene zinachitika, kuti akaona wayamba kutentha mtima azimupatsa kampata kopumira asanafike pomenya mnzake.

Pali zina zosayenera kudikira tsiku la phungu. Akanena kuti akufuna kufa kapena kutsatira bambo ake, mufunseni modekha chimene akutanthauza, musamusiye yekha, ndipo dziwitsani phungu kapena dokotala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ngati akudzivulaza, wasiya kudya, kapena akusewera zogonana zimene mwana wa msinkhu wake sangazidziwe.

Kusintha kukamayamba sikuoneka msanga, ndipo munthu wotopa amakuphonya. Choncho tengani kope, tsiku lililonse muzilemba mwachidule ngati wakodza pogona, ngati wadandaula m'mimba, ngati kwabwera dandaulo kuchokera kusukulu, ndi mmene wagonera. Lembaninso tinthu monga kupsa mtima kumene kwatha msanga kuposa kale, kapena tsiku limene watchula bambo ake yekha. Pakatha masabata anayi, pitani nalo kopelo pokakumana ndi phungu, muone limodzi ngati njirayi ikuyenda kapena pakufunika kusintha.